Chinanazi cha Januwale chikadyedwenso mu Ogasiti

Minibasi ikangoima pa Chitakale m'mwezi wa Januwale, mawindo ake amadzaza ndi manja. Uyu wakweza zinanazi zitatu m'mwamba, uyo wasenza beseni la mango, winayo akukankha phava la nthochi kuti lifike pamphuno pa wokwera. "Achimwene, tengani zonsezi, ndikuikirani ndi basela," amatero mayi amene wakhala padzuwa ndi pamvula kuyambira m'mamawa. Mtengo umene anatchula kukucha suli umene akutchula dzuwa litapendeka. Chisisira chikamagwa, za phindu waiwala kale. Chimene chikumuvuta m'mutu n'chakuti katunduyu abwerera naye bwanji kumudzi, kumene wina wambiri akupsa.

Zotsala zimaoneka m'mawa mwake kuseri kwa mabenchi: zinanazi zofewa zikuchucha madzi, mango ada mbali imodzi, ntchentche ndi njuchi zikulimbirana. Ndi mmenenso zilili pa Nkando, pa Chinakanaka ndi pa Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza. Komatu zimene zimafika pamsika n'zochepa. Zambiri zimathera pansi pa mitengo m'midzi, kumene mango amagwa pamalata usiku wonse ngati wina akugenda, ana amadya mpaka kukhuta, ndipo mbuzi zimafika pongonunkhiza n'kudutsa.

Ikafika Ogasiti, ana omwe aja amatha masiku osalawa chipatso, kupatula papaya kapena lalanje la apo ndi apo. Pa nthawi yomweyo m'magolosale akuluakulu a mu Limbe ndi Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 65 kudzera msewu wa Midima, mashelefu amakhala atadzaza ndi juwisi wa m'makatoni ndi jamu wochokera ku South Africa. Zonsezo zimalowa m'dziko ndi ndalama zakunja, zomwe zija zimasowa pogula feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'zipatala.

Mulanje ali ndi zipatso zokwanira kudya chaka chonse. Chimene alibe ndi njira yoziolotsera kuchoka m'miyezi ya mvula kufika m'chilimwe. Njira imeneyo isayembekezeredwe kwa munthu wachuma amene adzatulukire tsiku lina kudzamanga fakitale. Iyambire pafupi ndi mtengo, m'manja mwa eni mitengo, ndipo khonsolo ya boma, alangizi a zaulimi ndi mabungwe ogwira ntchito kuno aike mphamvu zawo pamenepo.

Chimene chimabweretsa zipatso zochuluka chonchi ndi phiri. Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, amatchinga mitambo yochokera kunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique, ndipo mbali ya kummwera ya phirili imalandira mvula yochuluka kuposa madera ambiri a dziko lino. N'chifukwa chake tiyi anabzalidwa kuno m'zaka za m'ma 1890 ndipo mpaka lero minda yake yatenga malo ambiri achonde. Anthu nawo ndi ochuluka: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'bomali. Banja limene lili ndi kamunda kongokwana chimanga cha miyezi yowerengeka limadalira zimene zili pakhomo ndi m'matsitso mwa phiri. Mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, mapeyala awiri m'malire, phata la nthochi kumene kumatayidwa madzi otsukira mbale, mizere ya zinanazi pamalo otsetsereka a ku Bondo ndi ku Nessa kumene chimanga sichingachite bwino: chuma cha munthu wopanda malo n'chimenechi. Kuno anthu ambiri amatsata chikamwini, choncho nthaka imene mitengoyi yamerapo kawirikawiri ndi ya kuchikazi. Chipatso chikaola, amene wataya ndi mayi.

Vuto n'lakuti zonse zimapsa pamodzi. Masuku ndi mango amayamba cha mu Novembala, zinanazi zimachuluka kuyambira Disembala, mapeyala amatsatira mvula isanathe. Aliyense amakhala ndi zogulitsa tsiku lomwelo, ndipo mnansi amene akanagula naye ali ndi mtengo wake.

Chipatso chilichonse chili ndi khalidwe lake, ndipo mavenda opikula amalidziwa bwino. Chinanazi chikadulidwa sichitsekemeranso; chimangofewa ndi kusintha khungu, kenako n'kuyamba kusasa. Mlimi akachidula chosakhwima kuti chipirire ulendo, wogula amachinyoza. Akachisiya chipsere m'munda, ali ndi masiku ochepa okha oti chipeze mwini. Mango ndi nthochi zimapitiriza kupsa zitathyoledwa, ndipo zikaunjikidwa pamodzi m'thumba zimafulumizitsana. Peyala lokha ndiye lili ndi chifundo: silifewa likadali mumtengo, motero mwini wake akhoza kumathyola pang'onopang'ono. Venda amene wabwera ndi lole amadziwa kuti mlimi wa zinanazi sangamuuze kuti abwerenso sabata ya mawa. Amatchula mtengo wake, n'kuyamba kuliza injini. Venda sakulakwa kwenikweni, chifukwa naye akuwerengera mafuta, msewu woterera ndi katundu amene aolere m'njira. Koma malinga ngati mlimi alibe kwina kopita ndi chinanazi chakupsa, kunenerera mtengo kudzakhala kwa mbali imodzi.

Akuluakulu a kuno akamakamba nkhaniyi salephera kutchula fakitale ya zipatso za m'zitini imene ADMARC inali nayo ku Mulanje. Dzina la Mulanje Peak linadziwika m'dziko lonse pa zitini za zinanazi ndi jamu, ndipo alimi ankadziwa kumene angapite ndi zokolola zawo. Boma litayamba kugulitsa makampani ake, fakitaleyi inapita m'manja mwa anthu a bizinesi, ndipo milu ya pa Chitakale ikuchitira umboni kuti msika wodalirika ngati uja palibenso. Nthawi ya kampeni iliyonse nkhani ya fakitale imadzuka, anthu n'kuwomba m'manja.

Fakitale yaikulu ndi yabwino, ndipo ikabwera ilandiridwe. Ku Salima kampani ya Malawi Mangoes yaonetsa kuti mango a dziko lino akhoza kukonzedwa mpaka kugulitsidwa kunja. Koma fakitale yotere ili ndi zofuna zake. Imafuna mango a mtundu umodzi, a mnofu wambiri ndi ulusi wochepa, monga Kent, Keitt ndi Tommy Atkins, pamene mitengo yambiri ya m'midzi ndi ya makolo, ya kalisere ndi ina yaulusi, imene inamera pamene wina anataya njere. Imafuna katundu wochuluka pa tsiku limene yanena, wofika ndi lole pachipata. Iyeneranso kulipira antchito ndi ngongole za makina miyezi 12 pamene zipatso zimabwera miyezi itatu kapena inayi. Mayi wa mitengo iwiri, amene amakhala kumtunda kumene galimoto silifika mvula ikagwa, fakitaleyo sidzamupeza ngakhale itatsegulidwa mawa.

Chodabwitsa n'chakuti kusunga chakudya si nzeru yachilendo kuno. Mulanje ndi kwawo kwa makaka. Chinangwa chimasendedwa, kuduladula, n'kuyanikidwa pathandala kapena padenga mpaka kuuma gwa, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake chimaphikidwa ndi nandolo kapena kusinjidwa ufa. Masamba a khobwe ndi nkhwani amafutsidwa, mfutso n'kumangidwa m'zikwatu zopachika kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa tizilombo. Masamba omangira chikwatu ndi a msuku, mtengo womwewo umene zipatso zake zimaola osasungidwa. Amayi amene amadziwa ndi zala zokha kuti mfutso wauma mokwanira safunika kuphunzitsidwa tanthauzo la chinyezi.

Nanga bwanji nzeru yomweyi sinafike pa mango ndi chinanazi? Yankho lili kumwamba. Makaka amayanikidwa m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Zipatso zimapsa m'dzinja, pamene phiri limatha masiku litafunda mitambo. Walira mvula walira matope: mvula imene imatupitsa chinanazi ndi yomwenso imaletsa kuti chiume. Chipatso chodzaza madzi ndi shuga chikaikidwa pamphasa m'Januwale chimachita chuku tsiku lachiwiri. Aliyense amene amauza amayi a ku Mulanje kuti azingoyanika zipatso padzuwa sanakhaleko kuno m'nyengo imeneyi. Ngakhale choumitsira cha dzuwa, chija chokutidwa ndi pulasitiki woonekera, chimathandiza pa masiku a ng'amba okha. Mitambo ikatseka masiku atatu otsatizana, zonse zimene zili m'katimo zatayika.

Pamafunika mpweya wotentha woyenda mosalekeza, usana ndi usiku. Ku Burkina Faso, dziko lopanda doko ngati Malawi, anthu a madera ozungulira Bobo-Dioulasso, Banfora ndi Orodara akhala akuumitsa mango kwa zaka zoposa 30 ndi kuwatumiza ku Ulaya. Ntchitoyi inakulira m'timafakitale ting'onoting'ono ndi m'makopaletivi, ambiri mwa ogwira ntchito ali amayi okhala pansi ndi mipeni, ndipo zoumitsira zake zambiri ndi makabati otenthetsedwa ndi gasi. Sanadikire dzuwa. Anamanga kabati, n'kuikamo moto woti angathe kuulamulira.

Mulanje ali ndi mwayi woposa pamenepo. Ku Bondo, bungwe la Mulanje Electricity Generation Agency, limene anthu amangolitcha MEGA, limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya n'kuwagawa m'midzi yozungulira. Mtsinje umadzaza m'miyezi yomwe ija zipatso zimachuluka. Pakati pa usiku, mababu atazimitsidwa ndipo chigayo chitatsekedwa, madzi amapitirira kuzunguza makina, magetsi ake alibe wowagwiritsa ntchito. Kabati ya zinanazi ikhoza kudya magetsi amenewo mpaka kucha. Ruo, Likhubula, Thuchila ndi Muloza nayonso imatsika phiri lomwelo. Ndipo za kuumitsa, bomali lili ndi akatswiri ake kale: m'mafakitale a tiyi muli anthu amene moyo wawo wonse akhala akufotetsa ndi kuumitsa masamba, kuyang'anira kutentha ndi kuyeza chinyezi. Ambiri a iwo anapuma ntchito, ali m'midzi momwemu. Gulu la amayi likapeza mkulu mmodzi wotere, lapeza mphunzitsi wodziwa fani, ng'anjo ndi sikelo.

Pali chinthu chimodzi choyenera kukanidwa poyambirira pomwe. Choumitsira chodya nkhuni za m'phiri chisamangidwe. Mkungudza wa Mulanje watsala pang'ono kutheratu, mitengo yachilengedwe ya m'munsi mwa phiri ikupita ndi makala, ndipo anthu a Mulanje ndi Phalombe sanaiwale Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala pamidzi. Kumene magetsi kulibe, moto uchokere ku utuchi, zitsononkho, mapesi a nandolo kapena mitengo yobzalidwira ntchitoyo.

Ntchito yeniyeniyo ndi ya manja ndi ukhondo. Chipatso chikhale chakupsa koma cholimba, chothyoledwa mumtengo, osati chotola pansi. Chitsukidwe ndi madzi abwino, chisendedwe ndi mpeni wosachita dzimbiri, chidulidwe mopyapyala ndi mofanana kuti zidutswa ziume nthawi imodzi. Nthochi ikaviikidwa kaye m'madzi a mandimu sida kwambiri. Kutentha kwa m'kabati kukhale pakati pa madigiri 55 ndi 65. Kukapitirira, kunja kumauma msanga n'kutsekera madzi m'kati. Chidutswa chouma bwino chimapindika ngati chikopa, osathyoka ndiponso osatulutsa madzi chikafinyidwa. Chikazizira chitsekeredwe nthawi yomweyo m'botolo kapena m'pepala lokhuthala losalowa mpweya, chifukwa m'nyengo ya chiperoni chipatso chouma chimayamwanso chinyezi. Pamafunika makilogalamu oposa 10 a mango kapena zinanazi zosauma kuti patuluke kilogalamu imodzi youma. Wina angaone ngati kumeneko n'kutaya, koma aganizire za msewu wa ku Nessa. Katundu amene akanafuna lole amakwana pa njinga ya kabaza, sanyenyeka m'maenje, ndipo mwini wake akhoza kuuza wogula kuti mtengowo wachepa, n'kubwerera naye kunyumba osaopa kanthu.

Ngakhale zipatso zakugwa siziumitsidwa, kuzitola kuli ndi phindu lake. Ntchentche ya zipatso yochokera ku Asia, imene inaoneka koyamba mu Africa ku Kenya m'chaka cha 2003, inafalikira mpaka m'maiko a kuno kummwera. Imaikira mazira pansi pa khungu la mango kapena gwafa, mphutsi n'kukulira m'katimo, chipatso chikagwa n'kulowa m'nthaka kukasanduka ntchentche zina. Mulu woola pansi pa mtengo ndi nazale ya mphutsi za mango otsatira. Zakupsa zakugwa zikwiriridwe m'dzenje lakuya kapena zimangidwe m'thumba lakuda n'kuikidwa padzuwa.

Maphunziro ambiri a magulu a amayi amayambira ndi kuthera pa jamu. Jamu ndi wokoma, amaoneka bwino m'botolo pa chionetsero cha zaulimi, koma amadya shuga wolemera pafupifupi ngati zipatso zomwezo, ndipo aliyense akudziwa mtengo wa paketi ya shuga masiku ano. Amafunanso mabotolo agalasi a zivundikiro zatsopano, ndi wogula amene ali ndi buledi woti apakepo. Kumudzi wogula wotere ndi wosowa. Zilipo njira zotsika mtengo zimene sizitchulidwa kawirikawiri. Mango aawisi amene mphepo yagwetsa akhoza kusanduka achali ndi mchere, tsabola ndi mafuta, ndipo achali amayenda ndi nsima, chakudya cha aliyense. Makoko ndi mitima ya zinanazi zikafufumitsidwa m'madzi a shuga pang'ono zimapanga viniga. Mango aulusi aja, amene sadulika bwino, akhoza kufinyidwa, phala lake n'kusefedwa, kuyalidwa mopyapyala pathireyi ndi kuumitsidwa ngati chikopa chimene mwana amang'amba n'kumatafuna. Juwisi ndiye wofuna kusamala koposa: akapanda kutenthetsedwa mokwanira ndi kuthiridwa m'botolo lowiritsidwa, amatupa, ndipo akhoza kudwalitsa anthu. Peyala silingaumitsidwe ngati mango, koma mnofu wake uli ndi mafuta ophikira, odzola ndi opangira sopo.

Zipatso za m'tchire zili ndi nkhani yake, ndipo ndi yopweteka kwambiri chifukwa pano chikutayika si chipatso chokha komanso mtengo. Msuku umamera wokha m'nkhalango za m'munsi mwa phiri. Ana ndi amayi amalawirira kukatola, osapsa amavundikidwa m'dzenje kapena m'mphika ndi masamba, ndipo mbale za masuku zimandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Amabwera pa nthawi imene nkhokwe zayamba kulira, choncho kwa mabanja ambiri ndi chakudya chenicheni, pamodzi ndi matowo, maye, nthudza ndi mpoza. Pansi pa misuku pameranso bowa. Ndipo pali chinthu chimene odula nkhuni ambiri sachiganizira: msuku ulipo waumuna ndi waukazi. Umene subereka, umene munthu amati ndi wachabe n'kuugwetsa, ndi umene umapereka mungu kwa anzake.

Ku Makoka, m'boma la Zomba, akatswiri a bungwe la ICRAF anagwira ntchito zaka zambiri ndi anthu a m'midzi posankha misuku ya zipatso zazikulu ndi zotsekemera n'kuimezanitsa. Womezanitsa umabereka patangopita zaka zochepa, pamene womera ku njere umachedwa kwambiri. Anaonetsanso kuti masuku akhoza kupangidwa jamu, juwisi ndi vinyo. Nzeru imeneyi ili pamtunda wa maola ochepa kuchokera ku Mulanje, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mbande za msuku sizipezeka m'nazale iliyonse yozungulira phiri monga mmene bulugamu amapezekera.

Chitsanzo cha mtengo wa m'tchire umene unapeza msika chilipo m'dziko momwe muno. Ku Kam'mwamba, m'boma la Neno, ntchito imene bungwe la WESM linayambitsa m'zaka za m'ma 1990 inasandutsa malambe ndi bwemba kukhala juwisi wa m'mabotolo, ndi cholinga chakuti anthu apeze ndalama mumtengo wamoyo. M'chaka cha 2008 maiko a European Union analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kumeneko ngati chakudya. Matumba a makala sanathe m'mbali mwa msewu wa Zalewa, n'zoona, ndipo juwisi yekha sangapulumutse nkhalango. Koma munthu amene amadziwa kuti mtengo uja umamupatsa fizi ya mwana chaka chilichonse amaganiza kawiri asananole nkhwangwa. Phiri la Mulanje linatetezedwa ngati nkhalango ya boma mu 1927, ndipo mu Julayi 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Ulemu umenewo sungateteze msuku ndi umodzi womwe ngati anthu a m'munsi mwake aona kuti mtengo umalipira ukagwa basi. Dipatimenti ya zankhalango ndi Mulanje Mountain Conservation Trust, pogwira ntchito ndi makomiti a m'midzi, aike zipatso za m'tchire pakati pa mapangano awo: ndani atole, pati, liti, ndipo mitengo iti isakhudzidwe. Kuthyola masuku osakhwima pomenya mtengo ndi mwala kapena chipika, kumene kumasiya zilonda pathunthu, kuletsedwe ndi eni mudzi okha.

Amene akuganiza kuti zipatso zidzakhala zikungochuluka mpaka kale akumbukire nthochi. Matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi komanso mphukira zodwala, anaoneka m'dera la Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, n'kufika ku Thyolo ndi Mulanje, kumene nthochi zinkadzaza malole opita ku Blantyre ndi Lilongwe. Alimi anauzidwa kuzula mapata awo onse, ndipo dziko linayamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Mbande zopanda matenda zochokera kumalo a kafukufuku monga Bvumbwe zikubwezeretsa ulimiwu pang'onopang'ono. Pamene nthochi zinali mbwee, ndi ochepa amene anaganiza zoumitsa kapena kusinja ufa wake.

Funso limene wochenjera aliyense angafunse ndi lakuti: zikaumitsidwa, agule ndani? Wogula woyamba ndi banja lomwelo, ndipo salipira ndi ndalama. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi ndi opinimbira. Zipatso zokha sizingathetse vuto limeneli, koma ndi limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo ya ana, ndipo bungwe la WHO limalangiza magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba pa tsiku. Mango akupsa ali ndi michere imene thupi limasandutsa vitamini A, yemwe uja dziko lino limachita kuthira mu shuga ndi m'mafuta ophikira kuti afike kwa ana. Mango amatha cha mu Januwale, njala imafika pachimake mu Febuluwale, chimanga chisanakhwime. Botolo la mango ouma silifunika kudikira chaka kuti lithandize; masabata asanu ndi limodzi okha akwana.

Wogula wachiwiri ndi sukulu. Ana ambiri m'dziko lino amalandira phala kusukulu, kudzera m'mabungwe monga Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake ku Malawi mu 2002, ndiponso pali ndondomeko imene sukulu zimagula chakudya kwa alimi ozizungulira. Kadzanja ka zipatso zouma pambali pa kapu ya phala, kawiri pa sabata, kangapatse gulu la amayi msika wodziwika asanasende ndi chinanazi chimodzi chomwe. Zipatala, sukulu zogonera komweko ndi malo ogona alendo ali pamzere womwewo. Alendo okwera phiri kuchokera ku Likhubula, onyamula katundu wawo, ndi othamanga mpikisano wa Porters Race wa chaka ndi chaka, onse amafuna chakudya chopepuka chopatsa mphamvu. Akachipeza pachipata cha phiri, m'paketi yolembedwa dzina la mudzi umene chachokera, sangachisiye.

Golosale ya mu Blantyre ndiyo imafuna chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo ili ndi chifukwa, popeza chakudya cha anthu si choseweretsa. Koma gulu la amayi 15 silingamange lokha nyumba ya simenti yosalala, ya madzi a m'mpopi, mawindo a sefa ndi chimbudzi chovomerezeka, n'kulipiranso zoyezetsa. Apa ndi pamene khonsolo ya Mulanje ingagwire ntchito yooneka. Imange khitchini imodzi yovomerezeka m'dera lililonse la zipatso zambiri, pafupi ndi magetsi, imene magulu angamabwereke mosinthana ndi kulipira kangachepe, pansi pa woyang'anira mmodzi wodziwa za ukhondo wa chakudya. Ndondomeko ya One Village One Product, imene boma linayambitsa mu 2003 motengera chitsanzo cha ku Japan, inasiya phunziro loyenera kulimvera: makina okha sakwanira. Gulu limafuna mpamba wogulira zipatso ndi mapepala olongedzera m'miyezi imene silinagulitse kanthu, munthu wapafupi wokonza fani ikafa, ndi wogula amene wasainira. Mabanki a m'khonde alipo pafupifupi m'mudzi uliwonse. Alimi ang'onoang'ono a tiyi a Sukambizi Association aonetsa kale kuti anthu zikwi zambiri a m'matsitso mwa phiri lomweli akhoza kusonkhanitsa mbewu yosachedwa kuonongeka, kuiyeza pasikelo ndi kuifikitsa kufakitale pa nthawi yake. Ambiri a iwo ndi omwenso ali ndi minda ya zinanazi.

Mitengo ya mango imachita maluwa mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo mlimi wodziwa amatha kuona pamenepo ngati chaka chidzakhale cha zipatso zambiri. Misonkhano ya nkhaniyi nthawi zambiri imaitanidwa mu Januwale, fungo la zoola litafika kale ku Boma. Gulu limene likufuna kuumitsa mango a Disembala liyenera kukhala litamanga kabati yake, litaiyesa ndi nthochi ndi mapapaya a m'chilimwe, litagula mapepala olongedzera ndiponso litagwirizana ndi sukulu imene idzagule, maluwawo asanayoyoke.